Ku Ouistreham, kumene Philippe Kieffer ndi anyamata ake anatsikira

Ulendo wa ku Ouistreham, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku Normandy, ku France, umafuna nsapato zolimba komanso kudziwa nthawi imene nyanja imaphwa. Mukafika madzi atadzaza, gombe limaoneka laling'ono, ndipo simungamvetse zimene asilikali 177 a ku France, otsogoleredwa ndi Philippe Kieffer, anakumana nazo pa 6 June 1944, atatsika m'maboti kudzalimbana ndi Ajeremani amene analanda dziko lawo pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Madzi akaphwa mchenga umatambalala kutali, wopanda pobisala, ndiye mumaona kuti munthu wosenza katundu wolemera ankathamanga poyera zipolopolo zikugwa.

Kuchokera ku Paris, sitima imanyamukira pa Saint-Lazare n'kufika ku Caen patatha pafupifupi maola awiri. Ouistreham ili makilomita 15 kuchokera pamenepo, ndipo mabasi a Twisto amapitako. Amene muli ku Britain mutha kukwera sitima ya pamadzi ku Portsmouth, imene imakocheza mu Ouistreham momwemo.

Kieffer sanakulire usilikali. Anabadwira ku Port-au-Prince, ku Haiti, mu 1899, ndipo ankagwira ntchito ya banki. Analowa m'gulu la nkhondo la pamadzi mu 1939 zaka zake zikukwana 40, nagwira ntchito m'sitima ya nkhondo yotchedwa Courbet. France itagonja mu 1940 anatsatira General de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa okana kugonja, ku London, kenako anakakamira mpaka Angerezi analola kuti anyamata ake akaphunzire ukomando ku Achnacarry, ku Scotland. Sitima ija Courbet, anaimiza dala pafupi ndi gombe lomweli mu June 1944 kuti izitchinga mafunde.

Yambirani ku Colleville-Montgomery, kumadzulo pang'ono kwa Ouistreham, pamene anatsikira m'mawa 8 koloko isanakwane. Iwo anali mbali ya gulu la Angerezi la No. 4 Commando, ndipo Angereziwo anawasiya kuti akhale oyamba kuponda dothi la kwawo. Kieffer anavulala mwendo pagombe pomwepo koma sanabwerere. Kuchoka apo yendani wapansi kulowera kummawa, nyanja ili kumanzere. Mupeza chipilala cha chitsulo chooneka ngati lawi la moto, La Flamme, chimene anachiimika mu 1984 pamwamba pa linga la Ajeremani. Pafupi pake pali timiyala ta mayina a anyamata 10 amene anafa tsikulo. Apa m'pofunika kuima, osangojambula n'kudutsa.

Alendo ambiri amasokonezeka ndi kasino wa Riva-Bella, dera la kugombe la Ouistreham. Nyumba imene mukuionayo si imene ankamenyerapo nkhondo. Ajeremani anagwetsa kasino wakale n'kumangapo linga la konkire, ndipo mfuti zam'manja sizinaphule kanthu mpaka Kieffer atakatenga thanki ya Angerezi. Moyang'anizana ndi kasino wa lero muli nyumba yosungiramo zakale ya No. 4 Commando. Ndi yaing'ono, ola limodzi limakwana, koma nyengo yozizira imatsekedwa, choncho funsani musananyamuke. Le Grand Bunker ili pafupi, ndi nsanja yotalika mamita 17 imene Ajeremani ankaonerapo nyanja, ndipo masitepe ake ndi opanikiza kwa amene mawondo amawavuta.

Madzulo ake anyamatawo anaoloka mlatho wa Pegasus ku Bénouville n'kukakumba maenje ku Amfreville. Njira ya njinga yotsata ngalande ya madzi yopita ku Caen imadutsa pamlathowo, ndipo ndi yosalala, yopanda chitunda.

Manda a Kieffer sali ku Ouistreham. Anamwalira mu 1962, ndipo anaikidwa ku Grandcamp-Maisy, kumadzulo kwenikweni, pafupi ndi Pointe du Hoc. Mabasi a kumeneko ndi apatalipatali, moti popanda galimoto ya hayala tsiku lonse likhoza kuthera pamsewu. Ine ndimati pitanibe. Kieffer analowa mu Paris mu August 1944 mzindawo ukumasulidwa, ndipo mwezi womwewo Ajeremani anapha mwana wake Claude, amene anali m'gulu lolimbana nawo mobisa. Pofika November, Kieffer anali atabwerera kunkhondo, pachilumba cha Walcheren ku Netherlands.