Foni ya m'jumbo ku casualty

Mu Januwale 2021, mwezi umene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ife anamwino a ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, kuno ku Mangochi tinasiya kuthamangira aliyense wofika akutsokomola. Zovala zodzitetezera zinali zochepa, ndipo mmodzi wa ife akadwala, usiku wonse unkamuthera mnzake ali yekha.

Wodwala akafika pageti, mlonda ankamupatsa masiki n'kumulozera kutenti ya panja. M'menemo tinaikamo benchi, kachipangizo kopana chala koyezera okosijeni m'magazi, ndi foni yokulungidwa m'jumbo yoonekera mkati, kuti izipukutika ndi kolorini akachoka munthu. Ine ndinkaimba vidiyo ya WhatsApp ndili mkati.

"Agogo, mwayamba liti kubanika? Pisani chala m'kachipangizoko, mundionetse nambala."

Nambalayo ndinkaiona, koma maso anga ankakhala pachifuwa. Ndinkauza wodikirira odwala kuti aigwire foni chapatali pang'ono, ndiwerenge kupuma kwa mphindi yathunthu. Kenako ndinkafunsa dala funso lofuna yankho lalitali, monga mmene ayendera kuchokera kwawo. Munthu amene mpweya ukumuthera satha kumaliza chiganizo, amadukiza pakati. Ameneyo, kapena amene nambala yake yatsika pansi pa 90, sindinkamufunsanso china. Ndinkavala gauni, masiki ya N95 ndi magolovesi, n'kutuluka ndi silinda ya okosijeni.

Ena onse ankayezedwa, n'kubwerera kwawo kukadzipatula. Tinkawalembera 54747, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni yoimba mwaulere pa Airtel, kuti zikasintha usiku ayambe afunsa asanakwere kabaza.

Zovuta zinalipo. Agogo ambiri ochokera ku Makanjira ndi ku Namwera amafotokoza bwino ululu wawo m'Chiyao, ndiye ndinkaitana mnzanga wodziwa chilankhulocho adzaime pambali panga. Netiweki ikadula, tinkangoimba foni wamba n'kumasuzumira pawindo. Ena ankadandaula kuti tikuwanyansidwa, ndipo sindiwadzudzula: munthu wadwala, wayenda mtunda wonsewo, n'kupeza womulandira ndi foni.

Kolera itafika mu 2022, Mangochi ili m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, njirayi inatithandiza pang'ono chabe. Pafoni tinkangolangiza achibale kuti ayambe kumumwetsa Thanzi ORS ali m'njira. Koma wofika maso atalowa m'kati, madzi atamuthera m'thupi, ankafunika diripi pompo, ndipo mtsempha wake tinkaufufuza ndi zala.