Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mmene ndinalowera ntchito yoteteza makompyuta

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinali nditakhazikika pa kampani ina ya zamtengatenga ku Graniteside, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Kumeneko ndinali mnyamata wa IT. Printa ikakana ankaitana ine, wina akaiwala pasiwedi ankaitana ine, ndipo wokwawa pansi pa madesiki kulumikiza mawaya ndinali ine ndemwe. Ntchitoyo ndinkaikonda, komanso ndi imene inkalipira lendi kwathu ku Mufakose.

Zinthu zinatembenuka Lachisanu pa 12 May 2017, tsiku lomwe vayirasi ya makompyuta yotchedwa WannaCry inabuka. Vayirasi imeneyi inkatseka mafayilo onse a munthu n'kumulamula kuti alipire madola 300 kudzera mu Bitcoin. Inafika m'maiko pafupifupi 150, ndipo ku Britain zipatala zina za boma (NHS) zinachita kubweza odwala. Chomwe chinandisowetsa tulo n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba (update) chotchedwa MS17-010, chotsekera chibowo cha mu Windows chomwe vayirasiyo inkadzera, m'mwezi wa March. Koma pa kampani pathu akuluakulu anali atalamula kuti ma update azimitsidwe, akuti amadya data yambiri.

Loweruka m'mamawa ndinakwera kombi kupita ku ofesi popanda wondituma. Ndinaika Nmap, pulogalamu yofufuzira makomo otseguka pa netiweki, pa laputopu n'kufufuza port 445, khomo lomwe WannaCry inkalowera. Mizere inayamba kutsika pa sikirini, kompyuta iliyonse ya Windows 7 ikuyankha kuti "open": ya kwa akauntanti, ya ku malipiro, ngakhale ya abwana enieni. Manja anga anachita thukuta. Tsiku lonselo ndinayenda desiki ndi desiki ndi fulashi, kuika chigambacho ndi kuzimitsa SMB yakale, njira yogawanirana mafayilo yomwe inali ndi chibowocho. Lolemba anthu anabwera, nayatsa makompyuta awo, palibe anadziwa kanthu. Ine ndinadziwa kuti ntchito imeneyi ndi yomwe ndikufuna.

Ku Harare Institute of Technology ku Belvedere kuli digiri ya Information Security and Assurance, koma kusiya ntchito kuti ndibwerere kusukulu sikukanatheka, pakhomo ankayang'ana ine. Ndinadziphunzitsa ndekha. Pa laputopu yakale ndinaika VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera makompyuta ena m'kati mwa kompyuta imodzi, m'katimo Kali Linux, ya zida zoyesera chitetezo, ndi Metasploitable, yosiyidwa dala ndi zibowo, n'kumathyola makina angaanga. Mu 2019 magetsi a kampani ya boma ya ZESA ankatha kuzima maola 18 pa tsiku, nabwera anthu atagona. Ndinkagona madzulo, firiji ikangolira ndinkadzuka, n'kutsegula Wireshark, pulogalamu yoonera zodutsa pa netiweki, mpaka tambala woyamba.

Mayeso a CompTIA Security+, satifiketi ya chitetezo cha makompyuta, amalipiridwa m'madola a ku America, ndipo mu June chaka chomwecho boma linaletsa kugula zinthu ndi ndalama zakunja. Achemwali anga a ku Johannesburg ndiwo anandilipirira ndi khadi lawo. Mafunso amafika 90, mphindi 90, ndipo kuti ukhoze pamafunika 750 mwa 900. Ndinakhoza.

Bambo sizinkawamvekera. "Iwe, ntchito uli nayo kale. Ukusakanso chiyani usiku wonsewu?" Amene anandiyankhira ndi amayi. Tsiku lina analandira uthenga wooneka ngati wa EcoCash, njira yotumizira ndalama pa foni, kenako munthu anaimba akulira kuti watumiza ndalama molakwika, chonde abweze. Ndinawauza kuti, "Amayi, musabweze kaye, tiyeni tione balansi yanu." Palibe khobiri lomwe linali litalowa, ndipo uthengawo unachokera pa nambala wamba. Amayi anatembenukira bambo: "Mwaona abambo ake? Ulonda wake ndi umenewu."

Khomo la ntchito linatseguka lamulo la Cyber and Data Protection Act litakhazikitsidwa mu 2021, POTRAZ, bungwe la boma loona za mtokoma ndi mafoni, itapatsidwa udindo woyang'anira mmene makampani akusungira zinsinsi za anthu. Kampani ina ya zachuma m'tauni inkafuna munthu woyambira mu SOC, chipinda chomwe amayang'anira ma log, zolembedwa za zomwe zikuchitika pa makompyuta, usana ndi usiku.

Pa intavyu anandionetsa log: akaunti ya munthu wa ku malipiro yalowa 2 koloko usiku. "Mungatani?" Ndisanayankhe ndinafunsa tsiku la mwezi, komanso ngati IP, adiresi ya kompyuta yomwe analowera, inali ya pa kampanipo kapena yakunja. Ku Graniteside ndinali nditachezerapo ndi anthu a malipiro kumapeto kwa mwezi, ndikudikira kuti printa isawakhumudwitse. Kulowa kotere pa 28 sikodabwitsa, koma pa 10, kuchokera kudziko lina, akauntiyo itsekedwe msanga. Izi sindinaziwerenge m'buku la Security+. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva achinyamata akunyoza ntchito ya helpdesk, ngati yanga ija ya printa ndi mapasiwedi, n'kumathamangira satifiketi yokha. Sungazindikire chachilendo pa netiweki ngati sudziwa mmene imakhalira tsiku wamba.

Anandiimbira foni sabata yotsatira, ndipo anandiyambitsira shifiti ya usiku. M'gawo likubwerali ndidzafotokoza za usiku woyambawo, ndi imelo yabodza ya invoisi yomwe inatsala pang'ono kutipitirira.