Mphindi 11 zimene ndinali wolemera

Poti chithunzi chija chazungulira kale pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ena mwayamba kundiimbira foni n'kumati "bwana, tibwerekeniko kangachepe", lekani ndifotokoze ndekha nkhaniyi musanaikokomeze. Inde, ndinadzutsa mayi a kunyumba pakati pa usiku. Inde, malaya ndinali nditavala chotembenuza. Koma zoti ndinalira ndi bodza lamkunkhuniza. Maso anga amatuluka madzi ndikayang'anitsitsa foni nthawi yaitali, basi.

Choyamba, ine sindine wa juga ngati mmene mukuganiziramo. Ndimasewera poker, mtundu uja wa Texas Hold'em, pa matebulo otsikitsitsa a pa intaneti, pamene ma blind ake, tindalama toikiratu pa tebulo makhadi asanagawidwe, ndi senti 1 ndi masenti 2, ndipo munthu amakhala pansi ndi madola 2. Ndiye pa masabata 7 ndinaluza madola 2 amenewa maulendo 23. Werengani nokha: madola 46. Palibe munthu anagulitsapo bedi chifukwa cha madola 46. Koma tayesani kuwaluza pang'onopang'ono, usiku ndi usiku, kwa munthu amene chithunzi chake ndi mphaka wovala magalasi, muone ngati simuyamba kucheza ndi khoma.

Mphaka ameneyo ndiye anayambitsa zonse. Amene simusewera, mvetserani: aliyense amapatsidwa makhadi 2 obisika, kenako pakati pamagwa makhadi 5 a tonse. Atatu oyamba amagwa pamodzi, amawatcha flop. Lachinayi ndi turn. Lomaliza ndi river, kutanthauza mtsinje, ndipo amene anatcha dzinali ankandidziwa, chifukwa m'menemo ndi mmene ndimamira.

Usiku wina ndinalandira ma Ace awiri. Palibe makhadi oyambira oposa amenewa, ndipo amabwera pafupifupi kamodzi pa maulendo 221. Ndinakweza, mphaka anakwezanso, ine ndinakankha zonse, all-in, iye osazengereza n'komwe. Makhadi atatembenuzidwa ndinaona kuti mnzangayo wagwira 7 ndi 2 osiyana mtundu, makhadi amene aliyense wodziwa poker amati ndi oipitsitsa mwa onse. Masamu amati ma Ace amapambana zimenezi pafupifupi maulendo 88 pa 100. Ndinatsamira pampando ngati landilodi tsiku lolandira lendi.

Flop inabwera King, 9 ndi 7. Mtima unati phaa pang'ono, koma ma 7 awiri sangagwetse ma Ace. Turn inabwera 4. Apa ndinawerengera mwachangu: makhadi osaoneka atsala 44, omupulumutsa ndi 5 okha, ma 7 awiri ndi ma 2 atatu. Otsala 39 onse ndi anga. Ndiye pulogalamuyi ili ndi kakhalidwe kena koipa, imayamba yaima kaye pang'ono isanagwetse river. Sikukwana ndi sekondi imodzi yomwe. Koma m'kanthawi kameneko ine ndinatha kumwetulira, kukanda m'mutu, kuganiza zoti mphakayu ndimulembere mawu omulimbikitsa kuti asataye mtima, poker ndi yofuna kuphunzira. Ndinasankhiratu ndi mawu ake. Chala chinali kale pa kiyibodi.

Kanagwa ka 2. Kofiira, kakang'ono, konamizira kusalakwa ngati mwana amene waswa galasi n'kubisa manja kumbuyo. Ndinakayang'ana, nako kanandiyang'ana. Madola anga anatsetsereka pa tebulo kulowera kwa mphaka, ndipo iye anatumiza kankhope kaja koseka mpaka misozi. Osati kamodzi. Katatu.

Akatswiri ali ndi dzina la matendawa, amati variance. Tanthauzo lake n'lakuti ukhoza kusewera bwino n'kumaluzabe kwa nthawi yaitali, chifukwa 88 pa 100 ndiye kuti maulendo 12 ugwa ndithu, ndipo palibe analamula kuti 12 amenewo asabwere pa mzere sabata imodzi ngati abale obwera kudzapempha ngongole. Kuonjezera apo, kampani ya masewerawa imadula kagawo kake pa poto, mulu wa ndalama zimene tikulimbirana pakati paja, pafupifupi masenti 5 pa dola iliyonse, kamene amakatcha rake. Ndiye ukapambana umalumidwa pang'ono, ukaluza umamezedwa yense. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti vuto silinali mutu wanga. Mwina pena ndi pena. Koma makamaka ayi.

Ndinayesa zonse zimene amalangiza. Amati ukaluza maulendo atatu usiku umodzi, tseka ukagone. Lamuloli ndinalisunga masiku awiri, lachitatu ndinaliona kuti analemba anthu amantha. Amati uzilemba zotsatira zako, ndiye ndinagula kope n'kujambula mzere wosonyeza mmene ndalama zikuyendera. Mwana wanga ataona anafunsa ngati ndikujambula masitepe otsikira pansi. Ndinalemba pa pepala kuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" n'kumata pakhoma pamwamba pa tebulo. Usiku womwewo, ndikuliyang'ana pepalalo chonchi, ndinakankha all-in ndi Jack ndi 4 chifukwa munthu wina anandiba poto wa masenti 30 ndipo ndinkafuna adziwe kuti sindine wamasewera. Zimenezo amazitcha tilt, pamene mkwiyo walanda chiwongolero. Munthuyo anali ndi ma King awiri. Anadziwadi.

Sayansi itakanika ndinayamba zina. Ndinasintha mpando. Ndinasintha chipinda. Ndinayamba kusewera nditaimirira. Tsiku lina ndinapambana masenti 60 nditavala malaya chotembenuza mosadziwa, ndipo kuyambira pamenepo inakhala yunifolomu. Ndinatsimikiza kuti kampaniyo ili ndi munthu wolembedwa ntchito yongondiyang'anira ine, wokhala mu ofesi yoziziritsidwa bwino, amene akaona ndagwira makhadi abwino amadina kabatani n'kumwetulira. Pulogalamuyo ndinaifufuta mu foni maulendo atatu, ndi malumbiro.

Mayi a kunyumba anapirira mpaka sabata lachisanu ndi chimodzi.

"Bambo, kodi chimene mukufuna m'makhadimo n'chiyani kwenikweni?"

Ndinawakhazika pansi n'kuwafotokozera za Chris Moneymaker. Munthu wamba, wowerengera ndalama wa ku Tennessee ku America, amene mu 2003 analowa kampikisano ka pa intaneti ndi madola 86, n'kupata mpando ku mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas. Anthu 839 anakhala pansi, iye ndiye anatsala yekha, n'kunyamula madola 2.5 miliyoni. Ndinawauzanso kuti dzina lakelo ndi lenileni la makolo ake, ndipo limatanthauza wopanga ndalama.

Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Nanga lanu limatanthauza chiyani?"

Tsopano tafika pa usiku wa chithunzi chija. Inali itadutsa 1 koloko, tulo tikukana. Ndinabwezeretsa pulogalamu ija kachitatu, mu akaunti mutatsala madola 4 ndi timasenti. Magalasi anga anali kuchipinda ndipo sindinafune kudzutsa munthu, mfundo imeneyi muisunge. Ndinangodina tebulo loyamba limene linaoneka. Makhadi oyamba kulandira: ma 8 awiri. Ndinalowa. Flop: 8, 8 ndi Queen.

Ma 8 onse anayi, abale anga. Munthu ukagwira makhadi awiri ofanana, mwayi woti flop ikupatse enawo awiri ndi kamodzi pa maulendo 408. Ndinaleka kupuma kuopa kuti ena angandimve pa intaneti. Ndisanachite chilichonse, woyamba anakankha all-in. Wachiwiri all-in. Wachitatu all-in. Wachinayi naye, ngati akuthamangira basi yomaliza. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti anthu anayi apenga bwanji nthawi imodzi. Ine ndinangoti Mulungu sagona. Ndinadina batani ndi zala ziwiri kuti lisaphonye.

Turn inadutsa, river inadutsa, palibe chinasintha. Mulu wonse unatsetsereka kubwera kwa ine, ndipo pansi pa dzina langa panalembedwa 51,200.

Ndinayamba ndakhala chete. Kenako ndinabweretsa foni pafupi ndi mphuno n'kuwerenga manambalawo limodzilimodzi, ndi chala. Faifi, wani, koma, thu, ziro, ziro. Funso loti munthu wa madola 4 wafika bwanji pa tebulo lotere linabweradi m'mutu, ndisaname, koma ndinalithamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti mwina munthu wa kabatani uja wasiya ntchito, ndipo wolowa m'malo mwake waona faelo yanga n'kumva chisoni. Kapena ndi bonasi ya makasitomala okhulupirika. Zifukwa zinalipo zambiri, zonse zomveka.

Mphindi 11 zimenezo sindidzaziiwala. Ndinajambula chithunzi n'kutumiza pa gulu ndi mawu akuti "amene munkaseka, sekaninso". Ndinalemba m'mutu kalata yosiya ntchito, yaulemu koma yoluma pa ndime yachiwiri. Ndinasankha mtundu wa galimoto, kenako ndinausintha chifukwa woyera sachedwa kuda. Ndinakhululukira mphaka wa magalasi uja ndi mtima wonse, mpaka ndinaganiza zomutumizira madola 10 akagule buku lophunzirira. Ndinaima pa galasi n'kuyeserera nkhope yodzichepetsa yoyankhira atolankhani: "Ayi, chinsinsi ndi kudekha basi." Ndinabwereza katatu, chifukwa ulendo woyamba ndinamwetulira kwambiri ndipo wachiwiri ndinaoneka ngati wodwala mano. Ndinadandaulanso pang'ono kuti achibale ayamba kundivutitsa, n'kukonzeratu mndandanda wa amene ndidzawathandize ndi amene ndidzawauze kuti ndalama zili ku banki yosatapika. Ena mwa inu munali pa mndandanda wachiwiriwo, ndipo mmene mukusekeramu mukhala pomwepo.

Kenako ndinalowa kuchipinda n'kuyatsa getsi.

"Mayi, dzukani. Umphawi watha m'nyumba muno."

Anadzuka mwakachetechete, anatenga foni, anaiyang'ana maso ali tsinzinitsinzini. Sanakuwe. Sanandikumbatire. Anatambasula dzanja, n'kutenga magalasi anga pa kathebulo, n'kundipatsa.

"Bambo, kachizindikiro ka dola kali pati?"

Ndinavala magalasi. Kachizindikiro ka dola panalibe. Pamwamba pa tebulo panali timawu tiwiri tating'ono, Play Money. Ndalama zoseweretsa. Ma chip aulere amene amangopatsa aliyense wolowa kuti aphunzirire, osatapika, osagula ngakhale mpweya. N'chifukwa chake anthu anayi aja anakankha zonse mosaganiza, poti zikatha amangodina batani n'kulandira zina. Pulogalamu itabwezeretsedwa inatsegukira mbali ya ana, ine osaona.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mayi, osamaliza n'komwe mwambiwo. "Muzimitse getsi potuluka. Ndipo malayawo mwavala chotembenuza."

Ndinathamangira pa gulu kuti ndifufute uthenga. Anthu atatu anali atauwerenga kale. Anthu atatu, 1 koloko ya usiku! Inu simugona? Mmodzi mwa inu, ndikumudziwa, anali atasunga kale chithunzicho n'kuzunguliza timawu tiwiri tija ndi inki yofiira.

Komabe pali mfundo imene mukuilumpha dala pa kuseka kwanuko. Ma 8 anayiwo anali enieni. Mwayi wa kamodzi pa 408 unandigweradi ine, ndipo ndinasewera bwino, sindinathamangitse munthu, ndinadikira onse alowe okha. Masamu sadziwa kusiyanitsa dola ndi chip yoseweretsa. Kungoti mwayi wanga wa chaka chonse unabwera n'kugogoda pa khomo lolakwika, kapena kuti ine ndiye ndinali m'nyumba yolakwika, zimenezo tikambirana tsiku lina.

Mawa lake ndinabwerera ku tebulo la masenti, magalasi ali kumaso, malaya ali bwinobwino. Ndinaluza madola 2 pa river kwa munthu wa chithunzi cha bakha. Ndatsala ndi madola 2 ndi masenti 14, ndipo ndaganiza zopuma kaye mpaka mwezi uthe, kapena mpaka Loweruka.

Za 51,200 zija musafunse. Ndinabwererako Lachinayi kuti ndikangosangalala nazo, poti n'zaulere. Zinatha m'mphindi 20.