Fumbi lozungulira dzuwa: zolemba za madzulo a lero

Lero mwezi kunalibe. Dzuwa litalowa panapita ola limodzi ndi mphindi 15 kuti mdima ugwire bwino, kenako kumadzulo kunatulukira kuwala kotuwa, kotakata pansi, kosongoka kumwamba. Ameneyu si Mlalang'amba ayi. Ndi kuwala kwa dzuwa komwe kukumwazidwa ndi tinjere tafumbi tomwe tili pakati pa mapulaneti, m'Chingerezi amati zodiacal light. Kuno kwathu, kufupi ndi equator, nyengo yake yabwino madzulo ndi Ogasiti mpaka Okutobala, kungoti utsi wa moto wa kutchire umatchinga mbali ya pansi, yomwe ndiye yowala kwambiri. Maso apatseni mphindi 20 osayang'ana foni. Mukafuna kujambula, kamera ikhale pa choimikira, f/2.8, ISO 3200, masekondi 15. Mukapitirira pamenepo nyenyezi zikhoza kuyamba kukoka mizere pa chithunzi.

Chomwe chimandikoka mtima n'chakuti kuzirala kwa kuwalaku pokwera m'mwamba kukusonyeza mmene fumbilo lagawikira. Zombo za mumlengalenga za Helios 1 ndi Helios 2, zomwe zinaulutsidwa mu 1974 ndi 1976, zinayeza kuchokera pa mtunda wa dziko lathu (1 AU, makilomita pafupifupi 150 miliyoni) mpaka pa 0.3 AU. Zinapeza kuti kuchuluka kwa fumbi kumatsatira lamulo la r^-1.3, pomwe r ndi mtunda kuchokera ku dzuwa. Kunena mwachidule: mukafupikitsa mtunda ndi theka, fumbi limachuluka kawiri ndi theka. Pa 0.3 AU limakhala pafupifupi kasanu kuposa kuno.

Limaunjikana choncho chifukwa kuwala kwa dzuwa kumakokera kanjere m'mbuyo pang'onopang'ono pa njira yake, ndipo kamazungulira kakusendera kufupi ndi dzuwa (Poynting-Robertson drag). Mphamvu imeneyi ikanakhala yokha, lamulo likanakhala r^-1. Kusiyana kwa r^-1 ndi r^-1.3 kumachokera ku nyenyezi za mchira, makamaka za banja la Jupiter (zomwe njira zake zimalamulidwa ndi pulaneti ya Jupiter), zomwe zimathira fumbi latsopano m'kati muno. Tinjere tochepera micron imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) ndiye sitikhalitsa, kuwala kumatikankhira kunja.

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kutenga r^-1.3 n'kumaigwiritsa paliponse. Pafupi kwambiri ndi dzuwa fumbi limasanduka nthunzi. Katswiri wa zakuthambo Henry Norris Russell ananeneratu zimenezi mu 1929, ndipo kamera ya WISPR pa chombo cha Parker Solar Probe yaona fumbilo likupepuka kumeneko. Kutali ndi dzuwa nako, chombo cha Pioneer 10 chitadutsa lamba wa ma asteroid (miyala yozungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter) chinapeza kuwalaku kutazilala mpaka kosayezeka kupitirira 3.3 AU.