Sabata ya kavalo wokana madzi pa esiteti ina ku Kasungu

Ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto imathera kwambiri pa ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, chifukwa akavalo kuno ku Kasungu ndi owerengeka ndipo amapezeka m'maesiteti akuluakulu ochepa chabe. Komabe sabata yathayi, dzuwa la Okutobala lili pachimake, nthawi yanga yambiri inathera pa kavalo mmodzi wamkazi amene anali atangobwera kumene kuchokera kuchigawo chakummwera, ndipo chifikireni sanamwe madzi mokhutiritsa.

Lolemba m'mawa manijala wa esitetiyo anandiimbira foni, ndipo nditafika ndinalandiridwa ndi bambo wachikulire amene amasamalira akavalo pamalopo. Titapatsana moni anati, "Alangizi, kudya akudya ndithu, koma madzi akungowanunkhiza n'kutembenuka, ndipo ndowe zake sizikundisangalatsa." Ndinayambira pa ndowezo. Zinali zing'onozing'ono, zouma ndi zolimba, zina zitakutidwa ndi zonanda. Ndinatsina chikopa cha pakhosi n'kuchisiya, ndipo m'malo mobwerera nthawi yomweyo chinayamba chaima kaye. Nkhama zinali zomata, ndipo nditadina ndi chala kufiira kwake kunachedwa kubwerera kupitirira masekondi awiri amene timayembekezera. Mtima unkagunda ka 44 pa mphindi, kumene kuli kumapeto kwenikweni kwa muyezo wa kavalo wathanzi, wa pakati pa 28 ndi 44, pamene kutentha kwa thupi kunali pa madigiri 38, kutanthauza kuti vutolo silinali la matenda otenthetsa thupi.

Anthu ozolowera ng'ombe amadabwa akaona mmene timadera nkhawa kavalo amene akudya bwinobwino koma sakumwa. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mimba yake. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amafuna madzi okwana malita 25 kapena kuposerapo pa tsiku ngakhale asakugwira ntchito, ndipo kukatentha kapena akatuluka thukuta muyezowu umatha kuwirikiza kawiri. Chifu chake n'chaching'ono, cholowa malita pakati pa 8 ndi 15, ndipo kavalo satha kusanza, choncho chimene chalowa chiyenera kutulukira kumbuyo basi. Udzu umagayika m'matumbo aakulu, amene amasunga madzi ambiri, ndipo chakumanzere, pafupi ndi chiuno, pali malo pamene thumbo limachepa n'kupindika kubwerera kutsogolo. Thupi likasowa madzi limayamba kuyamwa amene ali m'matumbomo, chakudya chimauma, ndipo kawirikawiri chimakaima pamalo opindika amenewa. Uku ndi kuyamba kwa mtundu umodzi wa koliki, kupweteka kwa m'mimba kumene kumapha akavalo ambiri kuposa matenda ena. M'dzinja msipu wauwisi umathandiza chifukwa mbali yake yaikulu ndi madzi, koma udzu wouma wa mwezi uno uli ndi madzi ochepa zedi, ndipo zonse zimadalira chimene kavalo wamwa yekha.

Lachiwiri ndinalipereka ku kufufuza chimene chinkamukanitsa madzi, pakuti sindikhulupirira kuti chiweto chaludzu chingakane kumwa popanda chifukwa. M'kamwa munalibe zilonda. Nditafika pa chomwera, zambiri zinaonekera zokha. Unali mgolo wachitsulo wodulidwa pakati, uli padzuwa, m'mbali mwake muli ndere ndi dzimbiri, ndipo nditaviika dzanja masana madziwo anali otentha ndithu. Madzi a pamjigo wa pamalopo ali ndi kakomedwe kachitsulo, kosiyana ndi amene kavaloyu anazolowera kumene anachokera, ndipo akavalo amamva fungo ndi kakomedwe ka madzi msanga kwambiri. Titakhala phee pansi pa mtengo kwa kanthawi tinaonanso china: mlendoyu akangoyandikira mgolo, kavalo wina wamkulu wofulidwa ankagoneka makutu chambuyo n'kumuthamangitsa.

Tinamupatula n'kumuika payekha pamthunzi wa mtengo wa mango, pamene ankatha kuona anzake, ndipo tinamuikira zidebe ziwiri zapulasitiki za malita 20, zotsukidwa bwino. M'chimodzi tinathira madzi okhaokha, m'chinzake tinasungunuliramo molasi (zotsekemera zokhuthala zotsala popanga shuga) pang'ono wobisa kakomedwe ka pamjigo. Chidebe cha madzi okhaokha sichiyenera kusowa, chifukwa kavalo wina amakana otsekemerawo. M'kati mwa zidebezo ndinalemba mizere pa malita asanu alionse, ndipo ndinapempha bambo aja kuti azilemba m'kope zimene kavaloyo wamwa m'mawa ndi madzulo. Kwa ine kopelo ndilo linali chida chachikulu cha sabata yonse, popeza chomwera chimene akumwerapo akavalo angapo sichingakuuzeni amene wamwa ndi amene wagona ndi ludzu. Tinayambanso kuviika udzu wake m'madzi kwa theka la ola asanaudye, kukandira madeya pang'ono ndi madzi ambiri kuti akhale ngati phala lamadzimadzi, ndi kuthiramo masipuni aakulu awiri a mchere pa tsiku, wogawa m'mawa ndi madzulo, kuti udzutse ludzu. Ndinachenjeza kuti madeya onyowa asagonere pakutentha kuno, ndiponso kuti a chimanga chankhungu asayerekeze kumupatsa, chifukwa poizoni wa nkhungu ya chimanga amaononga ubongo wa kavalo.

Lachitatu masana ndinali kumudzi kukapereka katemera wa chitopa, ndipo chakumadzulo foni inaliranso. Ndinapeza kavaloyo akupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, akucheukira pamimba pake, akugona n'kudzukanso, ndi kudzitambasula ngati akufuna kukodza. Anali atamwa malita osakwana khumi tsiku lonse, ndipo m'matumbo a kumanzere munkamveka phokoso lochepa kwambiri. Anyamata ena a pa esiteti anali atakonza kale botolo la mafuta ophikira kuti amumwetse mokakamiza, monga amachitira ndi ng'ombe yotupa mimba. Ndinawaletsa mwamphamvu. Kavalo womwetsedwa atamukweza mutu amatsamwa mosavuta, mafuta amalowa m'mapapo, ndipo chibayo chimene chimatsatira n'chovuta kuchiza kuposa koliki yemwe. Tinachotsa chakudya chonse n'kusiya madzi okha, tinamuyendetsa pang'onopang'ono osamutopetsa, ndipo ndinaimbira dokotala wa ziweto wa ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 120 pa msewu wa M1. Iwo anandilangiza kubaya mankhwala opha ululu a flunixin kamodzi kokha, ndi kumawerenga kugunda kwa mtima usiku wonse, chifukwa mankhwalawa amatha kubisa vuto limene likukula, ndipo mtima ukapitirira 60 pa mphindi ndiye kuti zinthu zafika poipa. Unafika pa 52, kenako unayamba kutsika. Bambo aja sanagone usiku umenewo. Anakhala pakhomo pa khola ndi tochi mpaka kunacha.

Dokotala anafika Lachinayi m'mawa, ndipo atapima polowetsa dzanja kumbuyo anapeza chakudya cholimba chitaima pamalo opindika aja, ngakhale chinali chisanachuluke. Analowetsa chubu kudzera m'mphuno mpaka m'chifu, anatsimikiza kuti sichinalowe m'njira ya mpweya, ndipo anathira malita asanu a madzi ofunda osakaniza ndi michere ya m'thupi, n'kubwerezanso patapita maola angapo. Iyi ndi ntchito ya munthu wophunzitsidwa, yosayenera kuyesedwa ndi aliyense. Podikira tinaika ndowe zochepa m'jumbo loonekera mkati, tinathiramo madzi, kufinyafinya ndi kulipachika pamsomali, ndipo patapita mphindi zingapo mchenga unadikha pansi pa jumbolo. Apa tinadziwa kuti kuponya udzu pansi pa dothi lamchenga la m'kholamo kunkawonjezera vuto, choncho tinapeza chodyeramo chamatabwa tsiku lomwelo.

Lachisanu mbandakucha ndowe zinatuluka zambiri ndi zofewa, ndipo m'kope munalembedwa malita 18. Loweruka anafika 27, ambiri mwa iwo ochokera m'chidebe cha molasi, koma cha madzi okhaokha chinali chitayambanso kutsika. Chakudya tinachibwezera pang'onopang'ono, kuyambira ndi udzu wauwisi wa kudimba, ndipo molasi tidzamuchepetsa tsiku ndi tsiku kufikira atazolowera madzi a pamjigo. Kwa manijala ndinatsindika zinthu ziwiri: kuti kavalo akachoka kothamanga asamanidwe madzi poopa kuti adwala, popeza nthawi imeneyo ndiyo ludzu lake limakhala lamphamvu, ndiponso kuti akamadzasamutsa kavalo wina adzanyamule madzi a kumene akuchokera oyambira masiku oyamba, kapena adzayambe kumuthirira molasi ulendo usanafike. Mgolo wachitsulo uja wachotsedwa, ndipo akumanga zomwera ziwiri zasimenti pamthunzi, motalikirana, kuti kavalo wamphamvu asathe kulondera zonse. Ndasiya uthenga woti mvula ikagwa asadzamutulutsire ku msipu watsopano tsiku lonse nthawi imodzi, koma adzawonjezere maola pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo Lolemba likubwerali ndikatenga ndowe zake kuti zikayezedwe ngati muli mazira a nyongolotsi.