Zimene milandu ya mayina a magemu yandiphunzitsa pa chizindikiro cha malonda

Mfundo imene yakhala ikundisowetsa mtendere m'phunziro la malamulo a zizindikiro za malonda yandimvekera tsopano, ndipo ndikufuna kuilemba idakali yotentha m'mutu. Sindibwereza za kusiyana kwa chizindikiro cha malonda, umwini wa ntchito za luso ndi patenti, kapena za magulu 45 a katundu ndi ntchito a pangano la Nice, chifukwa anzanga nonse amene tikuwerenga phunziroli mukuzidziwa kale. Funso limene linkandizunguza linali ili: ngati munthu analembetsa dzina ku ofesi ya boma ndipo chikalata ali nacho m'manja, zimatheka bwanji kuti agonje m'khoti pamaso pa munthu amene akugwiritsa ntchito dzina lomwelo popanda chilolezo chake? Yankho ndalipeza m'milandu ya makampani opanga masewera a pakompyuta. Chimene lamulo limateteza ndi ganizo limene limabwera m'mutu mwa wogula akaona dzinalo, lakuti katunduyu wachokera kwa uje, ndipo ganizo limeneli limamera pokhapokha katunduyo akamagulitsidwa ndithu. Chikalata chimangochitira umboni za chinthu chimene chiyenera kukhala chilipo kale pamsika.

Mlandu umene unayamba kunditsegula mutu ndi wa Universal City Studios, kampani yopanga mafilimu, ndi Nintendo, kampani yopanga magemu. Nintendo inatulutsa Donkey Kong mu 1981, gemu ya nyani wamkulu wonyamula mkazi n'kukwera naye pamwamba pa zitsulo, ndipo mu 1982 Universal inakasuma ku New York ponena kuti dzinalo ndi nkhaniyo zinabedwa ku King Kong, filimu ya chinyani chachikulu. Kampani ya Coleco, imene inkapanga gemuyi kuti izisewereredwa m'nyumba, inachita mantha ndipo inavomera kumalipira Universal. Nintendo inakana, n'kulemba loya John Kirby, amene anasonyeza khoti kuti mu 1975 Universal yomweyo inali itaima m'bwalo lina polimbana ndi RKO, kampani imene inatulutsa filimu yoyamba ya King Kong, n'kumalimbikira kuti nkhani ya King Kong inalibenso mwini. Mu 1983 woweruza Robert Sweet anagamula mokomera Nintendo, ndipo khoti la apilo linagwirizana naye mu 1984. Ambiri akamafotokoza mlanduwu amathera pa kudzitsutsa kwa Universal, koma chimene chinandigwira ine ndi mbali ina ya chigamulo. Woweruzayo anaona kuti ufulu pa King Kong unali wogawikana pakati pa eni angapo, kotero kuti dzinalo silinkalozanso kwa mwini mmodzi m'maganizo a anthu, ndipo dzina limene sililoza kwa mwini mmodzi silingagwire ntchito ya chizindikiro cha malonda. Ngakhale kafukufuku amene Universal inabweretsa pofuna kusonyeza kuti anthu ankasokonezeka anakanidwa, chifukwa funso lake linkayika kale yankho m'kamwa mwa wofunsidwa. Pomaliza Universal ndi imene inalamulidwa kulipira Nintendo pafupifupi madola 1.8 miliyoni.

Nditamvetsa zimenezi, nkhani ya chinyengo inayamba kumveka yokha. Ngati mphamvu ya chizindikiro ili m'kugulitsa, ndiye kuti munthu amene sakugulitsa kanthu koma akufunabe kusunga dzina ali ndi njira imodzi yokha yokhotakhota, imene ndi kunamiza ofesi ya kaundula kuti akugulitsa. Ku America, pansi pa lamulo la Lanham la 1946, wolembetsa amayenera kulumbira kuti akugwiritsa ntchito chizindikirocho pa malonda, n'kupereka chitsanzo chooneka ndi maso, monga bokosi la katundu kapena chikuto cha magazini. Choncho chinenezo cha chinyengo chikabuka m'milandu imeneyi, kawirikawiri chimagwera pa kapepala kapena kachithunzi kamodzi kamene kanatumizidwa ku ofesiyo zaka zambiri m'mbuyomo.

Ndi zimene zinachitika pa mlandu wa Edge Games, kampani ya Tim Langdell, amene analembetsa liwu lakuti Edge ndipo kwa zaka zambiri ankalondola aliyense woliyika m'dzina la gemu yake. Mu 2009 kakampani kakang'ono ka ku France kotchedwa Mobigame kanaona gemu yake ya pa iPhone, yotchedwa Edge, ikuchotsedwa pa App Store chifukwa cha madandaulo a Langdell. Mu 2010 Edge Games inasumira Electronic Arts chifukwa cha gemu ya Mirror's Edge, imene inatuluka mu 2008, n'kupempha chiletso. Woweruza William Alsup wa ku California anakana chiletsocho mu October 2010, ndipo chigamulo chake ndi chimene ndinawerenga pang'onopang'ono kuposa china chilichonse m'phunziroli. Electronic Arts inali itayika zithunzi ziwiriziwiri pambali ndi pambali: chikuto cha magazini ya magemu yotchedwa Edge monga mmene chinagulitsidwira m'mashopu, ndi chikuto chomwecho monga mmene chinaperekedwera ku ofesi ya zizindikiro, chitasinthidwa; bokosi la gemu yakale monga mmene linalili, ndi bokosi lomwelo litaonjezeredwa mawu amene sanalipo. Woweruzayo ananena kuti panali umboni wamphamvu wosonyeza kuti ofesiyo inauzidwa zinthu zabodza, ndiponso anakayikira ngati kampaniyo inkagulitsadi magemu m'zaka zimenezo. Ku England nako, mu 2011, khoti lalikulu linagamula mokomera Future Publishing, eni magazini ya Edge, ndipo m'mlanduwo munali disiki imene Langdell ankati ndi ya mu 1991, koma katswiri anapeza kuti zimene zinali mmenemo zinapangidwa ndi Windows 95. Zizindikiro za Edge Games ku America zinafafanizidwa m'kaundula mu 2013.

Pano pali chinthu chofunika kuchisamala, makamaka kwa ife amene tidzayankhe mafunso a mayeso. Kunena kuti pali umboni wa chinyengo pokana chiletso n'kosiyana ndi kugamula kuti munthu wachita chinyengo. Mlandu wa ku California unatha ndi chigamulo chimene mbali ziwirizo zinagwirizana, chofafaniza zizindikirozo popanda Langdell kuvomera kulakwa. Ndipo chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2009, khoti la Federal Circuit linali litakweza mpanda pa mlandu wa Bose. Kampani ya Bose pokonzanso kalembera wa chizindikiro chake cha Wave inanena kuti ikuchigwiritsabe ntchito pa makina oimbira matepi, chonsecho inali itasiya kuwapanga ndipo inkangokonza akale n'kuwabwezera kwa eni ake. Khotilo linati mawuwo anali olakwika, koma chinyengo chimafuna kuti asonyezedwe momveka bwino kuti munthuyo anali ndi cholinga chonamiza, ndipo sikokwanira kunena kuti anayenera kudziwa. Motero munthu akhoza kutaya mbali ya chizindikiro chake chifukwa chosachigwiritsa ntchito, osapezeka wachinyengo. Zinthu ziwirizi zimayandikana kwambiri moti m'zokambirana zathu timazitchula ngati chinthu chimodzi, pamene chilichonse chili ndi umboni wakewake.

Njira imene yandifikitsa pa kumvetsa kumeneku ndi yosavuta, ndipo ndikukhulupirira kuti imaposa njira zina zonse zimene ndayesapo. Ndimalumikiza mapepala awiri a m'kope m'litali, n'kujambula mizere iwiri yoyenda limodzi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pa mzere wapamwamba ndimalemba ndi inki yakuda chilichonse chimene kampani inauza ofesi ya kaundula kapena khoti, chaka ndi chaka. Pa mzere wapansi ndimalemba ndi inki yofiira chimene chinali pamsika: gemu iti inatuluka chaka chiti, anaipanga ndani, anthu ankaigula kuti. Pamene mizere iwiriyi ikugwirizana, palibe nkhani. Pamene mzere wapamwamba wadzaza koma wapansi uli gwaa wopanda kanthu, pamenepo ndi pamene pagona mlandu. Pepala la Edge lili ndi inki yakuda yothithikana pamwamba, ndipo pansi pake pali danga lalitali loyera. Pepala la Universal likusonyeza mawu a 1975 ndi mawu a 1982 akuyang'anizana pa mzere umodzi. Ine ndikuona kuti palibe mlandu wa chizindikiro cha malonda umene sungamasuke ukaikidwa pa mizere iwiriyi, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti wophunzira aliyense ayambe ndi zimenezi asanaloweze ndime iliyonse ya lamulo. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera amati njirayi imadya nthawi ndipo sithandiza pa mafunso ofuna kufananitsa maonekedwe ndi kamvekedwe ka mayina, koma sanandisonyezebe mlandu umene njirayi yalephera.

Kuti ganizo la m'mutu mwa wogula ndi chuma chenicheni, sipofunika kupita kutali. Lowani m'kanyumba kalikonse ka magemu ku Chibavi kapena ku Chiputula madzulo, mupeza anyamata atakhala pa benchi, awiri ali ndi zowongolera za PlayStation m'manja, enawo akudikira kuti wogonja adzuke, ndipo mwini malo akulemba m'kakope amene walipira. Onsewo amati akusewera FIFA, ngakhale pa sikirini palembedwa EA Sports FC. Electronic Arts inayamba kugwiritsa ntchito dzina la bungwe la mpiralo mu 1993, mgwirizanowo unatha, ndipo kuyambira mu 2023 gemuyi ikutuluka ndi dzina latsopano. Kampani inapanga gemu, bungwe linabwereketsa dzina, koma zaka makumi atatu za malonda zinamangiriza ziwirizi m'mitu ya anthu mwamphamvu moti mnyamata wa ku Mzuzu sakuzilekanitsa mpaka lero. Chomangira chimenechi ndi chimene makampani amalimbirana akamakokerana ku makhoti.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zonsezi ndazifukula ndekha, usiku, pa foni. M'kalasi tinayamba ndi kutanthauzira mawu, tinapitiriza ndi kutanthauzira mawu, ndipo aphunzitsi athu, amene ndimawalemekeza chifukwa nkhaniyi amaidziwa, anatiwerengera ndime ndi ndime za lamulo la Trademarks Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa lija la 1957, osatipatsa ngakhale mlandu umodzi wakuti tiuone kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Tinauzidwa za ofesi ya Registrar General, tinauzidwa za ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa zizindikiro za malonda ndi mapatenti, ndi pangano lake la Banjul la 1993, tinalemba zonsezo mwaukhondo, koma chifukwa chimene lamulo limakhalira lotero sichinatchulidwe. Tikafunsa, yankho limakhala lakuti nthawi yachepa ndipo silabasi ndi yaitali. N'zoona kuti nthawi ndi yochepa, ndipo kwa ife amene masana timakhala ku ntchito imachepa koposa. Zigamulo zimenezi n'zazitali, Chingerezi chake n'cholimba, bandulo imatha chikalata chisanamalize kutsika, ndipo magetsi akathima m'nyengo ya chifunga ndi kamvula ka kuno, munthu umangofunda bulangete n'kumawerenga mpaka batire itatha. Komabe ola limodzi lokha la Donkey Kong m'sabata yoyamba likanatipulumutsa ku kuloweza kwa miyezi.

Ngakhale zili choncho, pali malo amene mfundo yangayi sikundifikitsa, ndipo ndi pa milandu imene mulibe wonama aliyense. Mu 2011 ZeniMax, eni Bethesda ndi magemu a The Elder Scrolls, anasumira Mojang, opanga Minecraft, chifukwa chofuna kutcha gemu yawo Scrolls. Khoti la ku Sweden linakana kupereka chiletso, koma mu 2012 mbali ziwirizi zinagwirizana kuti chizindikirocho chikhale cha ZeniMax ndipo Mojang igwiritse ntchito dzinalo mwa chilolezo. Kampani ya King, ya Candy Crush Saga, inayesa kulembetsa liwu lakuti Candy ku America n'kusiya mu 2014 anthu atadandaula kwambiri, ndipo inatsutsanso kalembera wa dzina la The Banner Saga la kakampani ka Stoic. Opanga No Man's Sky anakhala zaka zitatu akukambirana ndi kampani ya kanema ya Sky asanamasuke kugwiritsa ntchito dzina lawo mu 2016. M'nkhani zonsezi mzere wanga wapansi ndi wodzaza, chifukwa makampani akuluakuluwa amagulitsadi, ndipo amanena kuti akapanda kuteteza dzina lawo lidzafooka. Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, popeza mlandu wa King Kong womwewo ukusonyeza chimene chimachitika dzina likasiya kuloza kwa mwini mmodzi. Koma kodi pali wogula amene akanasokoneza gemu ya maswiti ndi gemu ya nkhondo za anthu a kumpoto kwa Ulaya chifukwa cha liwu limodzi lakuti Saga?

Chimene chikundivutitsa kwambiri n'chakuti milandu yambiri yotere simafika pamaso pa woweruza. Electronic Arts inali ndi ndalama zofufuzira zikuto zakale za magazini, pamene Mobigame inangoona gemu yake ikuchotsedwa pamsika, ndipo Coleco inalipira isanadziwe kuti Universal inalibe chizindikiro cha malonda pa dzina la King Kong. Ngati funso la kusokonezeka kwa wogula limayankhidwa pokhapokha wina akakwanitsa kulipira maloya mpaka kumapeto, ndiye kuti kwa wopanga magemu wamng'ono kalata yoopseza yochokera kwa mwini dzina woona ndi yochokera kwa wachinyengo zimafanana. Ndikuganizanso za kwathu kuno, kumene malamulo athu anachokera ku mwambo wa ku Britain umene umalemekeza kwambiri kaundula, ndipo ndikudzifunsa kuti mfundo imene ndaitola m'makhoti a ku America ndiinyamule mpaka pati ndikamayankha funso la ku Malawi. Mwina mnyamata wina wa ku Luwinga amene akuphunzira kupanga kagemu ka bawo pa foni adzalandira kalata yotere tsiku lina, ndipo atandifunsa lero ngati alimbane nayo kapena angosintha dzina, ndikuona kuti ndingazengereze kumuyankha.