Nsidze zanga zinapita ndi platinum

Inu a ku Chibavi amene mukufalitsa zoti ndinawotcha labu yonse, limenelo ndi bodza. Zinapsa ndi izi: ufa wa mamiligalamu 50, kabotolo kamodzi, ndi nsidze zanga. Zonse ziwiri.

Ndinkakonza inki yopaka pa anode ya fuel cell, kachipangizo kopanga magetsi kuchokera ku mowa wa m'labu wotchedwa methanol; anode ndi mbali imene methanol amaphwanyikira. Ufa wake, umene timautcha catalyst chifukwa umafulumizitsa kuphwanyikako, ndi zitsulo ziwiri, platinum ndi ruthenium, theka ndi theka powerengera maatomu, atamwazidwa pa kaboni wakuda bii ngati mwaye. Platinum payekha sachedwa kufooka, chifukwa CO (carbon monoxide) wotsalira methanol akamaphwanyika amamukakamira mpaka kumutsekereza. Ruthenium ndiye amatenga OH (kachidutswa kokhala ndi okosijeni) m'madzi kuti CO uja asanduke CO2. Dongosolo lake ngakhale mwana wa chaka choyamba amalidziwa: ufa wouma umayamba wanyowetsedwa ndi madontho a madzi a distilled, kenako isopropanol (mowa wina wa m'labu wosachedwa kuyaka), kenako Nafion ya 5% (mankhwala omata ufawo), ndiye n'kuika mu sonicator (makina osakanizira) mphindi 30.

Ine ndinayamba ndi isopropanol.

Musanaseke, kumbukirani kuti munali mu June, kachifunga ka Mzuzu kaja katalowa m'mafupa, zala zili gwa, ndipo mabotolo a madzi ndi isopropanol amafanana ngati mapasa. Amene anafufuta zolemba pa botolo sindimutchula, akudzidziwa yekha.

Ufa uja unayamba kufiira mwakachetechete ngati khala la pa mbaula. Nthunzi ya isopropanol ikakumana ndi mpweya pa platinum wouma imayaka yokha, machesi safunika. Nanga ine ndinathawa? Ayi. Ndinawerama. Ndinasendeza nkhope pafupi, n'kumwetulira, mumtima ndikuti, eee, catalyst yake ndiye yamoyo bwanji, ndalama sizinapite pachabe! Ndinafuna n'kuitana anzanga adzaone. Ndinatsegula kale pakamwa.

Phuu!

Chipinda chonse fungo la mutu wa mbuzi wowaulidwa. Abambo oyang'anira labu analowa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Achimwene, mwakwiya kapena mwadabwa? Pankhopepo sitikutha kuwerenga."

Ufa wotsala ndinaunyowetsa kaye ndi madzi, mwaulemu ngati ndikusambitsa apongozi m'manja. Cell inagwira, voteji pafupifupi 0.6 V popanda cholumikiza, ndi methanol wosakanizidwa ndi madzi pa mlingo wa 1 M. Mukapitirira pamenepo methanol wambiri amadutsa chotchinga cha pakati cha Nafion 117 kukasokoneza mbali inayo, cathode, voteji n'kutsika. Koma zimenezo palibe akufunsa.

Akazi anga andibwereka pensulo yawo ya nsidze. Yakumanzere yayamba kumera. Yakumanja ikuganizabe.